Msilikali Amene Jairosi Anamutcha Micah

Jairosi Banda sankadziwa Chitchaina ngakhale liwu limodzi, Chihindi ndiye musanene, ndipo Chingerezi chake chinali chongokwanira kulonjera manijala m'mawa. Komabe pa komboni ya esiteti ina ya tiyi, kumtunda kwa Chipinge, panalibe filimu imene inkayamba iye asanakhale pa mpando wake pambali pa kanema. Mkati mwa sabata ankasonkha nkhuni pa boila ya fakitale. Lamulungu masana ankayankhulira anthu a m'filimu.

Kanemayo anali wa Antonio, bambo wa ku Mozambique amene ankakaoda zimbale ku Espungabera, tsidya la malire, n'kumazionetsa m'nyumba imene kale inali yosungiramo ana. M'mawindo ankatchinga ndi masaka. Magetsi anali atasiya kalekale kufika ku komboni, choncho zonse zinkayendera batire ya thirakitala yotchajidwa ndi kasola padenga. Chaka chimenecho, cha 2008, ndalama zinali zitasanduka mapepala oyatsira moto, ndipo munthu ankalowa ndi chimene ali nacho, kaya nthochi, kaya peyala, kaya chimanga cha m'kapu.

Luso la Jairosi linali pa mayina. Aliyense wa m'filimu ankamupatsa dzina la munthu wa pa komboni pomwepo. Wonenepa aliyense ankakhala kapitawo wa kumunda. Mkazi wolongolola ankakhala Maidei, ndipo mwini dzinayo, mayi wothyola tiyi wa mawu ngati belu, ankatukwana ali pa benchi uku akuseka mpaka misozi. Anthu ankabwera ndi njala n'kubwerera ndi njala yomweyo, koma m'nthiti mukuwawa ndi phwete. Jairosi anali ndi lamulo limodzi. Loweruka ankayamba waionera yekha filimuyo, kuopa kudzapatsa wakuba dzina la mkulu wa mpingo. Dzina si choseweretsa, ankatero mkuluyu, amene ankadyera kuseweretsa mayina.

Sabata ina ya mu Novembala chifunga chinakhala paphiri masiku anayi, dzuwa osatuluka. Loweruka Antonio anayeza batire n'kupukusa mutu.

"Mdala, moto ulimo ndi wa filimu imodzi basi. Mukaonera lero, mawa anthu aonera khoma."

Jairosi anatenga chikuto cha chimbale n'kuchiyang'ana. Panali msilikali wachinyamata wa nkhope yosalala, mfuti pachifuwa, kumbuyo kwake utsi uli tolotolo.

"Za nkhondo izi," anatero. "Uyu ndiye akita. Zoterezi ndimazitha ndili mtulo."

Akita, kwa oonera a pa komboni, ndi uja amene zipolopolo zimamulambalala, amene amagwetsa anthu khumi chipewa chake osagwa. Ndipo Jairosi anadziwa pomwepo dzina limene adzamupatse. Linali la mwana wake.

Micah anali mwana wake yekhayo, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, amene mayi ake anamusiya ali ku pulayimale. Anabadwira pa esiteti pomwepo, ndipo Chishona chinkamupepukira pakamwa kuposa Chinyanja cha bambo ake. Mu Juni, pakati pa zisankho ziwiri za pulezidenti za chaka chimenecho, anyamata onse a pa komboni anawatengera ku besi, ku chishedi chakale cha feteleza kumene ankawaimbitsa nyimbo ndi kuwatuma kukamenya anthu. Wolamula kumeneko anali Aroni, amene poyamba ankayendetsa thirakitala. Ankawauza kuti iwo ndi Mabhurandaya, ana a obwera opanda kwawo, ndipo asonyeze ndi manja kuti ndi a dziko lino. Masiku omwewo a ku besiwo anatenga Inacio, bambo wa ku Tete wodulira tiyi, masanasana anthu akuona, chifukwa cha kawailesi kopukusa kamene ankamverapo nkhani zakunja. Sanabwerere. Mkazi wake, Enia, anayenda kulikonse kumene munthu amayenda akasowa wake, mpaka ku nyumba ya chisoni ku tauni. Miyezi isanu inatha asanalire maliro, pakuti maliro opanda mtembo salirika.

Jairosi ankadziwa chinthu chimodzi. M'mawa wina wa sabata yomweyo Micah anabwera kunyumba dothi lofiira mpaka m'mawondo, khasu la bambo ake lili paphewa. Analitsuka pa mpopi nthawi yaitali, kuposa mmene khasu limafunira. Jairosi anaona ndipo sanafunse. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anangotenga khasulo n'kuliponya kunsi kwa bedi, nayamba kulimira lobwereka. Ankadziwanso kuti tsiku limene mnyamatayo adzatsegule pakamwa, Aroni ndi omutuma ake sadzamusiya wamoyo.

Micah sanatsegule pakamwa, koma sankasekanso. Ankathyola tiyi mzere wake ali chete, kubwera kunyumba, kukhala pakhonde n'kumayang'ana zala zake. Anthu ankamulonjera ndi mutu wokha. Izi zinkamupweteka Jairosi kwambiri. Iye woseketsa komboni yonse, mwana wake wa m'nyumba kumulephera. Choncho Lamulungu limenelo anachita kumukoka dzanja.

"Tiye, ukangokhala kumbuyo. Lero kuli chako."

Nyumba inadzaza. Aroni anakhala pa benchi ya kutsogolo monga mwa masiku onse, osapereka kanthu pakhomo, atavala magalasi akuda m'chipinda cha mdima. Panja pakhonde panali Enia ndi mtolo wa nzimbe zogulitsa, duku loyera la Chipositoli lili kumutu. Mpingo wake suloleza zoonera mafilimu, ndiye iye ankathera pakhomo.

Filimu itangoyamba zinaoneka kuti oipangawo anali amphawi anzathu. Antonio anati ndi a ku Thailand, wina anati ndi a ku Korea, Maidei anati onsewo ndi Matchaina, tiyeni nazo. Gulu lonse la nkhondo linali asilikali asanu ndi awiri ndi sajeni mmodzi. Mfuti zinkaoneka kuti ndi zamatabwa. Asilikaliwo akamathamanga m'nkhalango ankadutsa mtengo umodzimodzi katatu, ndipo kachitatuko ana a pa mphasa anaupatsa moni. Pamwamba pa chithunzi pankasuzumira chinthu chakuda chojambulira mawu.

"Uyu ndi kapitawo wathu," anayamba Jairosi poloza sajeni wa mimba yaikulu. "Akuti, mwachedwa nonse, lero muthyola tiyi ndi mano."

Anthu anaseka. Panabwera kamsilikali kowonda, ka makutu aakulu, yunifomu ikulendewera.

"Uyu dzina lake ndi Njala. Nonse mukumudziwa, amagona m'nyumba zanu."

Apa ndiye anaseka mpaka ena kutsokomola. Kenako anatulukira wa pa chikuto uja, wamtali, chipewa chopendeka. Jairosi anaimirira, nakonza kukhosi.

"Uyu musamuone chonchi. Uyu ndi Micah, mwana wa a Banda a ku Thyolo. Atsikana a kumunda, gwirani mitima yanu."

Anthu anayang'anana. Kenako Maidei anaomba m'manja, ena anatsatira, wina anaimba likhweru. Jairosi anaponya diso ku benchi ya kumbuyo ndipo anaona mlomo wa mwana wake ukugwedera pang'ono, ngati munthu amene wakumbukira kuti kale ankaseka. Mtima wa bamboyo unadzaza. Anapitiriza ndi mphamvu. Micah wa m'filimu akakwera chingwe, anthu kukuwa dzina lake. Akagawira anzake fodya, anthu kumuyamika.

Mvula inayamba kugunda malata, poyamba pang'onopang'ono, kenako ya mphepo yolowa mpaka pakhonde. Enia ananyamula nzimbe zake n'kulowa. Anaima pafupi ndi chitseko, maso ali pansi.

M'filimu muja Njala anagwidwa ataba mpunga m'khitchini. Sajeni anafoletsa asilikali onse, nagwaditsa wakubayo pakati, natenga ndodo yansungwi n'kuipereka kwa wamtali uja. Jairosi anamwetulira. Malo oterewa ankawadziwa bwino, ndi pamene akita amaonetsa mtima wake.

"Muona tsopano," anatero mokweza. "Micah akuti, bwana, ine sindimenya munthu wa njala. Akuti ndodoyi mumenyere amanu."

Mawuwo asanathe, msilikali uja anakweza ndodo n'kuitsitsa pamsana pa mnzake. Anakwezanso. Wowonda uja anagwa chafufumimba, akugwira nsapato za womumenyayo, akunena mawu amodzimodzi mobwereza, ndipo ndodo inapitiriza. Kamera sinachoke. Oipanga filimuyo analibe ndalama zogulira mfuti, koma nthawi yoonetsa munthu akumenyedwa anali nayo yambiri.

"Magaziwo ngati supu ya tomato," anayesa Maidei. Panalibe anaseka, ndipo iye anaika dzanja pakamwa.

Wowonda uja anasiya kutakataka. Sajeni analoza kunja. Wamtali uja ndi anzake awiri anamukokera kuseri kwa mpanda, ndipo wamtaliyo ndi amene anagwira fosholo.

Jairosi anadandaula mumtima. Akanangoionera dzulo. Akanangopirira sabata imodzi, dzuwa likanatuluka.

"Ndinasokoneza, abale," anatero. "Uyu si Micah. Amafanana anthuwa. Uyu ndi msuweni wake wa kutali."

Koma dzina likamata lamata. Kwa theka la ola anthu anali akulikuwa ndi pakamwa pawo. Palibe anacheuka kuyang'ana benchi ya kumbuyo, ndipo kusacheukako kunali koipa kuposa kucheuka. Amayi ena anakoka ana awo n'kuwaika pamiyendo.

M'mawa mwake m'filimu, sajeni anawerenga asilikali ake pa perete. Anayenera kukhala asanu ndi mmodzi, koma anapeza asanu ndi awiri. Kumapeto kwa mzere kunaima wakufa uja, yunifomu ili matope okhaokha, kumaso atamupaka ufa wochuluka mwakuti unkayoyoka akaphethira. Poyenda ankachita kumukoka pa kangolo, chingwe chikuoneka. Lamulungu lina lililonse komboni ikanagwa pansi ndi kuseka. Jairosi akanati onani, kwa anzathu ngakhale akufa amabwera kuntchito. Tsiku limenelo kunkangomveka mvula ndi kulira kwa kanema.

Mzukwa unatsata wamtali uja kulikonse, pakudya, posamba, pa ulonda. Jairosi anali atakhala pansi, manja pakati pa mawondo. Pomaliza unamupanikiza pakona ya chipinda, unaweramira kumaso kwake n'kuyamba kuyankhula. Unayankhula nthawi yaitali, motsitsa, m'chinenero chimene panalibe ankachimva m'nyumba monsemo.

"Akuti chiyani, a Banda?"

Anali Enia. Anali atadzutsa mutu, mtolo wa nzimbe uli pamapazi pake. Sanakweze mawu, koma aliyense anamva.

"Zonse mwatimasulira. Apa mwasiya bwanji? Akuti chiyani wakufayo?"

"Antonio, dzima kanemayo," anatero Aroni osatembenuka.

Antonio anatambasula dzanja, koma linaima m'malere, pakuti nyumba yonse inali ikumuyang'ana. Jairosi anayang'ana kanema. Zaka zonsezi ankaika mawu mkamwa mwa mafumu, mbava ndi akazi okongola, ndipo palibe anamutsutsapo. Zimene anganene, ndi zimene mzukwa wanena.

"Akuti zatha," anatero. "Akuti wakhululuka. Akuti mnyamatayu anachita kutumidwa, asiyidwe, aliyense apite kwawo."

"Sananene zimenezo," anayankha Enia. "Taonani maso ake."

"Mayi, ine ndi amene ndimamva chinenerochi."

"Baba, musanyepe. Musaname."

Benchi ya kumbuyo inalira. Micah, amene anayankhulayo, anali ataimirira. Jairosi anatembenukira kwa iye.

"Khala pansi, mwanawe. Ndi filimu chabe iyi."

"Filimu yabodza," anatero Micah. Mawu ake anali osalala, ngati akunena za mvula. "Anthu anaipanga awa sanaonepo. Munthu safa msanga chonchija, amachedwa. Dzenje silikumbika mwa changu chotero, mu Juni pansi pamakhala pouma. Ndipo akamabwera sabwera ndi ufa kumaso. Amabwera mmene analili, ndi ovolosi yake yabuluu. Amaima kumapeto kwa mzere wanga wa tiyi, mazuva ese, tsiku lililonse. Sanena zambiri ngati uyu. Amangofunsa chimene anandifunsa tsiku lija. Amati, mwana wa a Banda, ndiwe?"

Mkazi wina anayamba kusisima. Micah anatembenukira ku chitseko.

"Mai Natsai," anatero, kumuitana Enia ndi dzina la mwana wake woyamba, "ali ku mabulugamu, kuseri kwa damu. Handei, tiyeni ndikakuonetseni."

Aroni anaimirira. Anavula magalasi ake, namuyang'ana Micah kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mosafulumira, ngati akumuyeza. Kenako anadutsa pakati pa mabenchi, anthu akumupatukira, natuluka pamvula akutulutsa foni m'thumba. Nthawi yomweyo chithunzi chinafota n'kukhala kadontho, kenako mdima. Batire inali itatha.

Wina anachotsa saka pawindo. Kuwala kwa masana kunalowa ndipo anthu anaonana nkhope.

"Tifunika khasu," anatero Enia.

"Ndili nalo," anayankha Jairosi.

Anapita yekha kunyumba, nagwada, nalitulutsa kunsi kwa bedi lili ndi fumbi la miyezi isanu. Anakhala pansi pomwepo kwa kanthawi, khasu lili pamiyendo. Anali ndi mantha, analinso ndi manyazi, ndipo sankadziwa chachikulu ndi chiti.

Komboni yonse inatsika kudutsa m'minda ya tiyi, mvula ikuwanyowetsa, Micah ali patsogolo. Sanasakesake. Anapita molunjika pa chitsa china chopsa, nawerenga mapazi asanu, naloza pansi. Anafuna kulanda khasu kwa bambo ake koma Jairosi anakana, nakumba yekha. Silinali dzenje lakuya. Nsalu yabuluu itaoneka, amuna ena analowa n'kumafukula ndi manja. Enia anagwada m'matope, nagwira pa bondo la ovolosiyo pamene panali chigamba chosokedwa ndi ulusi wofiira. Anachisisita ndi chala. Kenako anatsegula pakamwa, ndipo maliro amene anakhala pakhosi pake kuyambira Juni anatuluka onse. Amayi a mpingo wake anamuzungulira n'kuyamba nyimbo.

Dzuwa lisanalowe Jairosi anamutengera mwana wake kuseri kwa nyumba. Antonio anali atavomera kumuperekeza njira ya m'nkhalango ya Chirinda mpaka tsidya la malire.

"Pita lero lomwe," anamuchonderera. "Ndagwira mwendo wako, mwana wanga. Ine ndinakutchula, ine ndinalakwa. Usandilange chonchi."

"Hamuna kutadza, baba. Simunalakwe," anatero Micah. "Ndinamukwirira ngati galu. Ndikufuna ndione akuikidwa ngati munthu. Ndikatero ndipita."

Madzulo amenewo Micah anadya mbatata zonse zimene zinali m'mbale, koyamba kuyambira Juni, ndipo anagona mpaka belu la kumunda.

Inacio anaikidwa Lachiwiri ku manda a esiteti, m'bokosi la matabwa a makireti a tiyi. Micah anaima patali, pansi pa mtengo, ndipo palibe anamuthamangitsa. Anagwirizana ndi Antonio kuti anyamuka Lachitatu akaweruka, kuti kusowa kwake kusadziwike msanga. Lachitatu cha m'ma teni m'mawa galimoto yoyera yopanda nambala inaima m'mphepete mwa munda. Amuna atatu analowa m'mizere ya tiyi. Micah anavula yekha dengu kumsana, naliika pansi bwinobwino kuti masamba asatayike, nawatsata. Jairosi anali pa boila, akuponya nkhuni pamoto. Anamva kwa Maidei, amene anafika akuthamanga ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anayankhula monong'ona.

Jairosi anayenda ulendo womwe uja anayenda Enia, khomo ndi khomo, mpaka ku nyumba ya chisoni ku tauni. Kulikonse ankamuuza kuti dzina limenelo silinafikeko. Aroni anabwerera pa thirakitala yake ngati palibe chachitika. Dzuwa linatuluka, batire inadzaza, ndipo Antonio anafunsa ngati anthu akufuna kuona mmene filimu ija inathera. Palibe anafuna. Anabweretsa za karati, koma mpando wa pambali pa kanema unakhala wopanda munthu, ndipo oonera ankangoyang'ana milomo ya anthu achilendo ikugwedera.

Patatha masabata atatu, Lamulungu masana, Jairosi ali pakhonde pa malo amene Micah ankakhala, anaona duku loyera likubwera pakati pa nyumba. Anali Enia, khasu lija lili m'manja. Linatsalira kwa iye tsiku la maliro. Anali atalitsuka ndi kulinola.

Jairosi anamulandira ali chikhalire. Enia anatsamiritsa khasulo pakhoma. Sanali wokwiya, sanalinso kumunyoza. Anamuyang'ana monga mmene odwala matenda amodzi amayang'anirana pa mzere wa kuchipatala.

"Khasu lanu, bambo a Micah," anatero. "Musaliikenso kunsi kwa bedi. Likhale pafupi. Tsiku lina wina adzatopa nazo, adzabwera kudzakuuzani pokumba."